Cities: Skylines II isanatuluke mu Okutobala 2023: ndilipiriretu kapena ndidikire?

Ndikulemba izi mu Okutobala 2023, Cities: Skylines II, gemu ya pa kompyuta yomanga mizinda, isanatuluke. Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wina wa ku Zingwangwa. Walemba kuti: "Ndakhala ndikusewera Cities: Skylines kuyambira 2022 pomwe inali yaulere pa Epic, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Laputopu yanga ndi Core i5, RAM 8GB, graphics card GTX 1050. Mzinda wanga wafika anthu 60,000. Yachiwiri ikutuluka pa 24 Okutobala ndipo tulo sindikugona. Msuweni wanga ali ku Johannesburg wati atha kundigulira ndi khadi yake ya ku banki, ine n'kupereka makwacha kwa mayi ake kuno. Koma ndikumva kuti ndi yolemera. Ndilipiriretu? Nanga ndidzatha kumangamo Blantyre weniweni, Ndirande ndi maminibasi omwe?"

Achimwene, musalipiriretu. Ndalama zanu zikhale kaye m'thumba, ndipo msuweni wanuyo mumuuze kuti aime kaye. Sikuti ndikuinyoza gemuyi ayi. Ine ndimakonza makompyuta ku Limbe, ndipo magemu omanga mizinda ndinayambira pa SimCity 4, ija ya 2003, pa kompyuta ya sikirini yonenepa kumbuyo. Chiilengezereni Cities: Skylines II mu Malichi 2023, palibe kanema wa Colossal Order, kampani imene inaikonza, amene wandidutsa. Kusagona kwanuko nanenso kwandigwira. Koma ntchito yanga yandiphunzitsa kuwerenga kaye manambala ndisanatsegule chikwama, ndipo manambala a gemu imeneyi sakugwirizana ndi laputopu yanu.

Chimene chikutikopa tonse ndi chenicheni, ndipo sindikufuna kuchichepetsa. Mukudziwa zimene zimachitika mumzinda wanu wa anthu 60,000. Mwamanga msewu wa mizere itatu, koma magalimoto onse athithikana mumzere umodzi, mdipiti kuyambira ku mafakitale mpaka pa mlatho, mizere iwiri ili pululu. Chifukwa chake n'chakuti mu gemu yoyamba galimoto imasankha njira yake yonse isananyamuke, ndi mzere womwe, potengera kufupika kwa njira ndi liwiro lololedwa, ndipo siisinthanso ngakhale kutsogolo kutatsekeka. Ikakhalitsa pamalo amodzi, gemu imangoifufuta. Dalaivala wa mu Blantyre sachita choncho. Akangomva kuti pa Chichiri pagwa ngozi ndipo Masauko Chipembere Highway yaima, amakhotera mu Kenyatta Drive n'kudzera ku Chitawira. Izi n'zimene okonza gemu a ku Tampere, m'dziko la Finland, ayesa kubweretsa mu yachiwiriyi. Munthu aliyense wa mumzindamo adziyeza ulendo wake pa nthawi, ndalama ndi kufewa kwa njira. Achinyamata adzisamala kwambiri za ndalama, akuluakulu ogwira ntchito za nthawi, okalamba za ulendo wosavuta. Ngozi zidzichitika, msewu udzitsekeka, magalimoto n'kumafuna njira ina. Galimoto ikafika idzifuna poimika, ndipo pakasowa poimika munthuyo atha kusankha basi.

Magetsi nawo asintha. Mu yoyamba ija amangofalikira kuchokera nyumba ina kupita ina malinga zayandikana. Mu yachiwiri muli mawaya a mphamvu yaikulu, mathiransifoma, ndi mawaya ang'ono oyenda pansi pa msewu limodzi ndi mapaipi a madzi, ndipo waya atha kulemedwa dera lonse n'kuthima. Ife amene magetsi athu amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amene tinaona mmene dziko linakhalira Kapichira ataonongeka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, mbali imeneyi sitidzafuna wotiphunzitsa. Malo omangapo akulanso: zidutswa 441 zokwana masikweya kilomita 159, pomwe yoyamba imalola zidutswa 9 zokha, pafupifupi masikweya kilomita 33, ngati simunaikemo mod, kapulogalamu kowonjezera kokonzedwa ndi osewera. Raundabauti idziikidwa ndi kudina kamodzi. Nyumba yokhala ndi sitolo pansi ndi anthu pamwamba, ngati zija za mu Limbe, ilimo kuyambira tsiku loyamba.

Zonsezi pali amene amazisenza, ndiye kompyuta yanu. Munthu aliyense amene akuganiza njira yake ndi ntchito ya purosesa. Mtengo uliwonse, zenera lililonse, mthunzi uliwonse ndi ntchito ya graphics card. Gemu yoyamba inali ndi malire obisika, magalimoto oyenda nthawi imodzi osapyola 16,384, ndipo malire amenewo ndiwo amathandiza kuti makina ofooka apirire. Mu yachiwiri awachotsa. Malire tsopano ndi makina anu.

Taonani zimene eni ake alemba. Kuti gemu ingotseguka n'kumayenda, akufuna purosesa ya Core i7-6700K kapena Ryzen 5 2600X, RAM 8GB, ndi GTX 970 ya 4GB. Kuti iyende mmene iwo akufunira, akufuna Core i5-12600K kapena Ryzen 7 5800X, RAM 16GB, ndi RTX 3080. Pano pali msampha umene ndimauona kawirikawiri pa benchi yanga. Munthu amaona 1050 n'kuganiza kuti iposa 970 poti nambala ndi yaikulu. Si choncho. Manambala oyambirira amanena m'badwo, awiri omalizawo ndiwo amanena mphamvu. GTX 970 ndi yakale, ya 2014, koma inali ya gulu lapamwamba, ndipo imaisiya kutali GTX 1050. Ndiye kuti laputopu yanu ili pansi pa muyezo wotsikitsitsa. Mawu akuti Core i5 nawonso asakunamizeni. I5 ya mu laputopu ya zaka zisanu zapitazo ndi i5-12600K ndi dzina lokha lofanana.

Tsono RTX 3080 ija, ngakhale mutaipeza, si chinthu choika mu laputopu yanu. Ndi chikhadi cha kompyuta ya padesiki chimene chinatuluka mu 2020 pa mtengo wa madola 699, ndipo chokha chimadya mawati 320. Mukaphatikiza purosesa ndi sikirini, maola awiri akusewera mwatha pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi. Pa nyumba ya lendi pamene mita ndi yogawana, nkhani imeneyo siichedwa kufika kwa alandilodi.

Chimene chandilimbitsa mtima kukuletsani si manambala okha. Ndi zimene eni ake anena ndi pakamwa pawo. Kumapeto kwa Seputembala analengeza kuti gemu ya pa PlayStation 5 ndi Xbox yasunthidwa kufika 2024, ndipo nthawi yomweyo anakweza muyezo wa makina ofunika. Kenako Lolemba, pa 16 Okutobala 2023, ife tili pa tchuthi cha anakubala, Paradox Interactive, kampani yofalitsa gemuyi, ndi Colossal Order anatulutsa uthenga wovomera kuti gemuyi sinafike pa liwiro limene iwo ankafuna, koma aitulutsabe pa tsiku lomwe analonjeza n'kumaikonza pang'onopang'ono. Ndimawalemekeza chifukwa chonena poyera. Makampani ambiri amakhala chete mpaka ndalama zitalowa. Koma mmisiri akakuuzani yekha kuti denga silinathe, simulowa m'nyumbamo mvula ili pafupi. Amene ali ndi makina amphamvu atha kupirira n'kumadikira zokonzazo. Inu mulibe mpata umenewo.

Amene tinalipo mu 2013 tikukumbukira. SimCity yatsopano inatuluka mu Malichi chaka chimenecho patatha zaka khumi anthu akuidikira. Makanema ake anali okongola, anthu analipiriratu mwaunyinji. Itatuluka inkafuna intaneti nthawi zonse ngakhale ukusewera wekha, maseva analephera kusenza anthu, ndipo ambiri anatha masiku osalowamo. Mapu ake anali ang'ono, makilomita awiri mbali zonse. Kampani ya EA, eni ake a SimCity, inapepesa popereka gemu ina yaulere, koma kusewera popanda intaneti kunabwera patatha chaka chathunthu, mu Malichi 2014. Mu Malichi 2015 situdiyo ya Maxis ya ku Emeryville, imene inakonza SimCity, inatsekedwa, ndipo patangopita masiku ochepa, pa 10 Malichi, kagulu kakang'ono ka ku Tampere kanatulutsa Cities: Skylines. Pofika pakati pa 2022 inali itagulidwa kopyola ka 12 miliyoni. Chikomekome cha mkuyu chija anthu a magemu omanga mizinda anachilawa kale. Sindikunena kuti mbiri ibwereza. Cities: Skylines II simafuna intaneti kuti muisewere, ndipo anthu amene anaikonza ndi omwewo amene anasamalira yoyamba zaka zisanu ndi zitatu. Ndikungonena kuti kanema wotsatsa amajambulidwa pa makina amene inu ndi ine tilibe.

Nanga kulipiriratu kumakupatsani chiyani? Mtengo wa mu Okutobala 2023 ndi womwewo, madola 49.99 ya wamba, 89.99 ya Ultimate. Chowonjezera ndi nyumba zingapo zotchuka ndi mapu otengera mzinda wa Tampere. Basi. Gemu ya pa intaneti si shuga kapena mafuta a galimoto kuti ukachedwa upeza zatha. Idzakhalapo mu Disembala, idzakhalapo chaka cha mawa, itakonzedwa bwino, ndipo nthawi ina idzatsika mtengo.

Mwina mukuti, ndigula, ikakana ndibweza. N'zoona kuti Steam, sitolo ina ya magemu ya pa intaneti, imabweza ndalama ngati simunapyole masiku 14 ndiponso maola awiri akusewera. Koma lamulo limeneli siliteteza munthu wa magemu omanga mizinda. M'maola awiri oyamba mudzakhala ndi kamudzi ka anthu mazana angapo, misewu itatu ndi thanki ya madzi, ndipo mwina idzayendako ndithu. Kulemera kumabwera mzinda ukakula, anthu akafika masauzande makumi, nthawi yobweza itadutsa kalekale. Onjezerani kuti ndalamazo zikabwerera kwa msuweni wanu ku South Africa, pomwe makwacha anu apita kale kwa azakhali anu. Nkhani zotere zimadanitsa abale. Ndipo chimene sichibwezedwa konse ndi bandulo. Gemuyi ikufuna malo okwana 60GB pa disiki. Werengerani mausiku angati a bandulo ya usiku amene mudzathere pamenepo, ndipo gemu imene eni ake alonjeza kuti adziikonza pafupipafupi ndiye kuti idzifuna kudawuniloda zina mobwerezabwereza.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene landikhudza kwambiri, chifukwa ndi loto langanso. Kodi Blantyre alowamo?

Kukula kwa malo si vuto. Blantyre ndi Limbe, amene anaphatikizidwa kukhala mzinda umodzi mu 1956, akwanamo onse pamodzi ndi Ndirande ndi Soche. Kuyendetsa kumanzere kuliponso. Vuto lili pa maganizo amene gemuyi inamangidwapo. Mu Cities: Skylines, yoyamba ndi yachiwiri yomwe, msewu ndiwo umayamba. Mukaujambula, m'mbali mwake mumaoneka timabokosi ta mamita 8, tinayi kulowa mkati mu yoyamba, tisanu ndi kamodzi mu yachiwiri. Inu mumapaka utoto kuti apa pakhale nyumba, ndipo nyumba zimamera pamenepo pokha. Popanda msewu ndi chilolezo chanu palibe amene amaumba njerwa.

Taimani pa msika wa Ndirande muyang'ane chakuphiri. Kumeneko munthu ndiye anayamba. Anapeza malo, anaumba njerwa, anamanga zipinda ziwiri, kenako zina za lendi kuseri. Njira inabadwa ndi mapazi a anthu opita kukatunga madzi ndi kukagwira ntchito ku mafakitale a ku Makata. Msewu, paipi ndi polo ya magetsi zinabwera pambuyo, n'kumakhotakhota kuzemba nyumba zimene zinalipo kale. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 800,000 mumzinda uno, ndipo ambiri a iwo amakhala m'madera amene anakula motero: Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chilobwe. Gemuyi ilibe njira yoti zimenezi zichitike zokha. Anthu osowa nyumba mu yachiwiriyi amakagona m'mapaki, samanga. Magemu a Tropico ndiwo anayesako mbali imeneyi: kumeneko anthu akasowa pokhala amadzimangira zisakasa paliponse pamene apeza mpata, ndipo wosewera amadziwa pomwepo kuti walephera pa nkhani ya nyumba.

Minibasi nayo ilibe malo ake. Basi ya mu gemu ndi ya khonsolo, ili ndi masiteji oikika ndipo imanyamuka kaya yadzaza kaya ayi. Yathu imadikira idzaze pa Wenela kapena ku Limbe, kondakita mutu uli pazenera, n'kumaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo mtengo umasintha mvula ikagwa kapena mafuta akasowa. Kabaza mulibe. Ngakhale njinga ya kapalasa, imene inalowa mu gemu yoyamba kudzera mu chowonjezera chogula chotchedwa After Dark mu 2015, mu yachiwiriyi sikhalamo pa tsiku loyamba. Pa tsiku loyamba nyumba zake ndi za mitundu iwiri, za ku Ulaya ndi za ku North America. Madzi nawo ndi osavuta kwambiri poyerekeza ndi athu. Ambiri mwa madzi amene timamwa mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, n'kukwera mamita pafupifupi 800 kuti atipeze, ndipo n'chifukwa chake magetsi akavuta mipopi imaumanso. Mu gemu paipi siidziwa chitunda.

Pali china chimene ndimachiganizira kwambiri chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tonse tinaona zimene matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinachita ku Chilobwe. Mafunso akuti ndani amange pati, madzi a mvula adzere kuti, mitengo ya m'phiri itetezedwe bwanji, ndiwo mafunso enieni a mzinda uno, ndipo ndikanakonda mnyamata ngati inu akanakhala ndi gemu yomuphunzitsa kulimbana nawo. Cities: Skylines II ili ndi nyengo, mvula, matalala ndi moto wa m'nkhalango, koma ngalande ndi kugumuka kwa phiri si mutu wake. Anthu amene anaikonza amakhala kudziko la nyanja ndi chipale, ndipo anamanga mzinda umene amaudziwa.

Blantyre amene mukumufunayo, ngati adzaoneke, adzachokera kwa osewera anzathu okonza ma mod. Ndi iwo amene anaisandutsa gemu yoyamba kukhala chimene ili lero. Traffic Manager: President Edition imakulolani kuuza mzere uliwonse kopita ndi kuika maloboti mmene mukufunira. Move It imakulolani kusuntha nyumba kapena mtengo ndi dzanja, ndipo ndi imene mungaunjikire tinyumba mothinana ngati ta ku Mbayani. 81 Tiles imatsegula mapu onse. Anthu akonza nyumba za malata, misewu yafumbi, misika ndi maminibasi. Ngakhale eni ake anatulutsa chowonjezera cha nyumba za ku Africa chotchedwa Africa in Miniature mu Malichi 2023, patatha zaka zisanu ndi zitatu gemu itatuluka. Mu uthenga wa Lolemba uja ananenanso kuti yachiwiriyi sidzagwiritsa ntchito Steam Workshop, malo a pa Steam otengerapo ma mod, koma malo awoawo otchedwa Paradox Mods, ndipo zida zokonzera ma mod ndi mapu zidzabwera gemu itatuluka kale. Anthu ambiri akwiya nazo. Ine ndikuonapo ubwino umodzi, woti ma mod adzafika kwa aliyense posatengera komwe anagula gemu. Koma tanthauzo lake kwa inu n'lakuti pa tsiku lotuluka gemuyi simudzakhala ndi pojambulira phiri la Ndirande kapena mtsinje wa Mudi.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa mwatchula kuti yanu ndi ya pa Epic. Gemu ya pa Epic ilibe Steam Workshop. Ndiye kuti zonse ndatchulazi mwina simunazilaweko n'komwe. Mukudikira gemu yatsopano kuti ikupatseni zinthu zimene yakale ili nazo kale, zimene laputopu yanu ingazithe. Steam imatsitsa mitengo chakumapeto kwa Disembala, ndipo Cities: Skylines yoyamba kawirikawiri imatsika kufika pansi pa madola 10. Ngati msuweni wanu akufuna kukuthandizani, akugulireni imeneyo nthawi imeneyo, ndipo ngati pangatsale kanthu akugulireninso zowonjezera za Mass Transit ndi After Dark.

Ndalama zotsalazo zipite ku makina. Ma mod ndi nyumba za pa Workshop zimadya RAM kwambiri, ndipo 8GB idzadzaza msanga. Onetsetsani ngati laputopu yanu ili ndi malo a RAM yachiwiri, muifikitse pa 16GB. Ngati ikadali ndi hard drive yozungulira, ikani SSD, disiki yothamanga kwambiri, mudzaona nokha kusiyana kwa nthawi yotsegula mzinda. Ndipo ino ndi Okutobala. Sabata yathayi ndinatsegula laputopu yofanana ndi yanu imene mwini wake ankati yakalamba. Pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsa kutentha panali chikhatho cha fumbi ndi ubweya wa bulangete, chogwirana ngati nsalu, ndipo thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, inali itauma ngati dothi la m'chilimwe. Makina akatentha amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse. Titapukuta ndi kupaka ina, gemu yomwe inkadukaduka inayamba kuyenda bwino. Musamasewerere pa bedi, ndipo kumbuyo kwa laputopu muzikukweza pang'ono kuti mpweya uzidutsa.

Yachiwiriyo muziitsatira ndithu, koma muzidziwa choyang'ana. Makanema a anthu a RTX 4090 sakukuuzani kanthu. Funani amene akuyesa pa makhadi apakati ngati RTX 3060 kapena GTX 1660, ndipo muone chiwerengero cha anthu pansi pa sikirini. Mzinda wa anthu 5,000 si umboni. Dikirani muone wa anthu 100,000, muone ngati wotchi ya mu gemu ikuthamangadi akaika liwiro lachitatu. Dikiraninso Paradox Mods itseguke, muone ngati okonza ma mod otchuka asamukirako. Zimenezi zikachitika, ndipo inu mutapeza kompyuta ya padesiki ya RAM 16GB ndi graphics card ya 8GB kapena kuposa, gulani mtima uli m'malo. Inenso ndikudikira zomwezo, ngakhale makina anga ndi amphamvupo kuposa anu.

Pakadali pano yambani ndi chidutswa chimodzi cha mzinda wathu mu gemu imene muli nayo. Jambulani msewu kuchokera pa Clock Tower kudutsa pa Ginnery Corner mpaka pa raundabauti ya pa Chichiri, ikani mafakitale chakumpoto ndi nyumba zothinana kuseri kwake, kenako muone komwe mdipiti uyambire m'mawa. Mukaupeza mundilembere, mundiuze kuti mwaumasula bwanji.